Mbuzi yofula kapena yofulidwa?

Funso: Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbuzi ku Salima, ndipo ndikulemba kapepala kolangiza anzanga. Ena akuti ndilembe "mbuzi yofulidwa" chifukwa "mbuzi yofula" ikumveka ngati mbuziyo ndiyo ikufula inzake, pomwe ena akuti mneni woyenera ndi "kuthena". Cholondola n'chiti?

Yankho: Lembani "mbuzi yofula" mosakayika, chifukwa ndi mmene Chichewa chimanenera chinthu chimene chachitidwa kanthu n'kukhala chomwecho. Timati nyama yootcha, chimanga chokazinga, mbatata yophika, ndipo palibe amaganiza kuti nyamayo ndiyo ikuotcha munthu. "Yofulidwa" si kulakwa, koma imakhala bwino pamene mukufuna kutchula nthawi kapena wochitayo, monga "mbuzi yofulidwa dzulo ndi alangizi a ziweto". Dzina la chiwetocho liliponso: yamphongo yosafula ndi tonde, yofula ndi mfule.

"Kuthena" nakonso n'kolondola ndipo alimi ambiri amatero, kungoti mneniyu timamugwiritsanso ntchito podula nthambi za mitengo, monga momwe "kufula" timakumvanso pa uchi. Sankhani mmodzi ndipo mukhale naye mpaka kumapeto kwa kapepalako.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musazembe mawu pofotokoza ntchito yeniyeniyo. Ulemu umatiphunzitsa kuphimba mayina a ziwalo zobisika, ndipo pa anthu n'koyenera ndithu, koma malangizo a ziweto akaphimbidwa mbuzi ndiyo imavulala. Lembani poyera kuti chipangizo chotchedwa Burdizzo chimaphwanya mtsempha wopita ku machende popanda kucheka khungu, kuti amapana mbali imodzi kenako inayo, komanso kuti kampira kothina komangira machende amaika pa kamwana ka mbuzi ka masiku ochepa chabe, osati pa tonde wamkulu. Musalembe "kudula" pamene mukutanthauza "kupana", popeza wowerenga wina adzatenga mpeni, ndipo bala lake ndi limene limaitana ntchentche, mphutsi ndi kafumbata. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kusiyana ndi m'dzinja, khola likakhala matope okhaokha.

Funso: Mfule wanga akumadzikankha, kulira ndi kupinda msana, koma mkodzo ukungodontha. Kodi kwa alangizi ndinene kuti wadzimbidwa?

Yankho: Ayi, musatero. Kudzimbidwa ndi kwa m'mimba, pamene ndowe zikuvuta kutuluka, ndipo kutupidwa ndi pamene mimba yadzaza mpweya n'kufufuma kumanzere, monga zimachitikira mbuzi ikadya msipu wanthete wambiri kapena ikaba chimanga. Zimene mwafotokozazi nenani kuti mfule akukanika kukodza kapena kuti mkodzo watsekeka, ndipo pitani lero lomwe, chifukwa chikhodzodzo chikhoza kuphulika mbuziyo n'kufa.

Vutoli limakonda mbuzi zofula, makamaka zimene zinafulidwa zili zazing'ono kwambiri, chifukwa njira ya mkodzo imakhala yopapatiza ndipo timiyala tikapangika m'chikhodzodzo timatsekereza mosavuta. Timiyalato timachuluka mbuzi ikamadyetsedwa madeya ambiri, udzu ndi masamba zili zochepa, madzi akumwa ali osowa. Apa mawu amasocheretsanso anthu, pakuti ambiri akamva zoti mfule "azidya bwino" amamva kuti azikhuta madeya kuti anenepe msanga. M'malangizo olembedwa ndi bwino kutchula zakudyazo chimodzichimodzi: udzu, masangwi a mtedza, masamba a lukina osakaniza ndi zina, madeya pang'ono, mchere wonyambita ndi madzi oyera tsiku lililonse. Pa mankhwala siyanitsani aneni molondola, kuti a njoka zam'mimba timamwetsa, a nkhupakupa timapopera kapena kusambitsa, katemera timabayitsa, chifukwa mankhwala a nkhupakupa akalowa m'kamwa mwa mbuzi amasanduka poizoni.