Kodi thumbo limabooka, limaphulika kapena limang'ambika?

Mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ku Chawama walemba kuti: "Anyamata athu amakonda kucheza kwa okonza matayala, ndipo ena amalozetsana paipi ya kompuresa kumatako ngati masewera. Ndikufuna kulemba chenjezo. Kodi ndinene kuti thumbo limabooka, limaphulika kapena limang'ambika? Nanga kompuresa ili ndi dzina lathu?"

Amayi, funso lanu landikondweretsa, chifukwa mawu atatuwa anthu a mu Lusaka muno amangowasakaniza ngati nyemba za mumphika umodzi. Chinthu chimabooka pamene china chakuthwa chachilowa, monga munga ukalasa tayala la njinga. Chimang'ambika pamene chakokedwa kupitirira mphamvu yake, ngati chitenje chakale. Koma chimene chaphulika chimakhala chitadzazidwa mkati mpaka kulephera kupirira, ndipo izi ndi zimene mpweya wa kompuresa, makina opopera matayala aja, umachita. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kufika pa ma bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya) 2 kapena kupitirira pang'ono, makina a okonza matayala nthawi zambiri amasunga ma bar 6 mpaka 8, pamene thumbo la munthu limagonja mphamvuyo isanafike ngakhale theka la bar imodzi. Paipiyo sichita kufunika kukhudza thupi, ndipo kabudula satchinga kanthu. Mpweya umalowa kotulukira chimbudzi n'kukaphulitsa thumbo lalikulu, kawirikawiri chakumunsi kumene limakhota. Mimba imatupa n'kulimba ngati ng'oma, mwana amabanika, zonyansa zimatayikira m'mimba, ndipo chomupulumutsa ndi kuthamangira naye kuchipatala chachikulu monga University Teaching Hospital (UTH) kumene angamuchite opaleshoni. Choncho lembani kuti "limaphulika". Madokotala akanena kuti "labooka" sindiwatsutsa, pakuti iwo amanena za bowo limene akasoke, koma mwana wa giredi 5 akamva kubooka amaganiza za msomali, osati mpweya.

Pomwepo ndidandaule: musalembe "mphepo" monga ndimamvera anyamata a kumsika wa Soweto akuti "tayala ilibe mphepo". Mphepo ndi imene imaomba mu Julayi n'kutitumiza kukafuna majuzi. Chimene timapuma ndiponso chimene timapopera m'tayala ndi mpweya.

Za dzina la makinawo, mtima wanga umakokera ku "mvukuto". Agogo anga kum'mawa anali osula makasu, ndipo ndili mwana ndinkawavukutira ndi zikopa ziwiri za mbuzi mpaka makala atafiira. Mvukuto unachokera ku kuvukutako, ndipo ntchito yake ndi yomweyi yokankha mpweya. Komabe mukalemba "mvukuto" pakhoma la sukulu, ana adzayamba kufunsana tanthauzo, chenjezo n'kuiwalika. Lembani "kompuresa" basi, koma mulilembe mwa Chichewa chomwechi. Ndipo pewani mawu aulemu akuti "kumbuyo", chifukwa mwana adzayesa kuti mukunena msana, lembani "kumatako".