Kodi Johannesburg ndiye Babulo wa m'Chivumbulutso?

Funso: Abusa, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Lamulungu lapitali mlaliki wina pafupi ndi Park Station ankafuula kuti mzinda uno ndiye Babulo, Mulungu aulanga posachedwa, tsono tituluke monga ikunenera Chivumbulutso 18:4. Ana anga awiri ali ku Mangochi ndipo fizi imadalira ine. Kodi ndilongedze? Mayi wa ku Rosettenville.

Yankho: Mayi, mtima m'malo, musalongedze chifukwa cha mantha.

Pamene Yohane ankalemba buku la Chivumbulutso, ufumu wa Babulo unali utagwa kalekale m'manja mwa Koresi, mfumu ya Perisiya, mu 539 BC. Akhristu oyambirira akamva za mzinda wokhala pa mapiri asanu ndi awiri (Chivumbulutso 17:9), maganizo awo ankathamangira ku Roma. Johannesburg wangoyamba mu 1886, golide atapezeka.

Aneneri ankakonda kutenga dzina la malo olangidwa kale n'kulipachika pa anthu amene ayamba khalidwe lomwelo. Pa Yesaya 1:10 akuluakulu a Yerusalemu akutchedwa olamulira a Sodomu. Yerusalemutu, kumene kunali kachisi! Ndipo Ezekieli 16:49 akuti tchimo la Sodomu linali kudzikuza, kudya n'kukhuta, osatambasulira dzanja wosauka.

Tsegulaninso Chivumbulutso 18:11-13, mndandanda wa malonda a Babulo: golide, siliva, vinyo, tirigu, ng'ombe, akavalo, pomalizira penipeni anthu. Ndikafika pamenepo mtima wanga umawawa, chifukwa ndimawaona abale athu. Munthu wagwira mwezi wathunthu, bwana n'kumumana malipiro podziwa kuti alibe mapepala, sangakadandaule kulikonse. Wina, Mmalawi mnzathu, amaitana mtsikana kuchokera kumudzi pomulonjeza ntchito, atafika n'kumulanda pasipoti. Babulo amene Mulungu adzamuweruze ndi ameneyo, ndipo ku Lilongwe alikonso. Vesi la mlaliki lija limanena lokha cholinga chotulukira: kuti tisagwirizane nawo machimo ake. Basi ya ku Blantyre singakuchitireni zimenezo.

Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo weniweniyo, Yeremiya anawalembera kalata (29:5-7) yakuti amange nyumba, alime minda, ndi kupempherera mtendere wa mzindawo. Inunso gwirani ntchito yanu mokhulupirika, tumizani fizi, ndipo mnzanu akaponderezedwa musamusiye yekha. Tsiku lobwerera ku Mangochi mukambirane ndi ana anu komanso akubanja.