Agogo anu anapita ku Messina: mbiri ya dera la mkuwa ndi mafamu kumalire a Limpopo

Mayi wina wokhala ku Turffontein kuno ku Joni wanditumizira imelo. Akuti agogo ake aamuna anachoka kwawo ku Dedza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, kalata yawo yomaliza inachokera ku Messina, kenako zii mpaka lero. Iye amadutsa pa Musina ndi basi akamapita kumudzi, koma amangoona malole, masitolo ndi fumbi. Akufunsa kuti kumeneko kunali chiyani choti bambo n'kusiyira mkazi ndi ana, nanga angayambire pati kufufuza.

Achemwali, funso lanuli ndi la mabanja ambiri. Ku Dedza, Ntcheu, Mzimba ngakhale Nkhata Bay, pafupifupi banja lililonse lili ndi mtchona wake. Ife tikamva za migodi timathamangira kuganiza za golide wa kuno ku Johannesburg ndi Wenela. Messina, amene masiku ano amalembedwa kuti Musina, ndi nkhani inanso. Kumeneko kunali mkuwa, ndipo ambiri mwa anthu akwathu amene anaukumba sanapiteko ndi Wenela ayi.

Derali lili kumpoto kwenikweni kwa South Africa, m'boma la Vhembe, mtunda wopitirira makilomita 500 kuchokera kuno mukatsata msewu wa N1. Mukangodutsa Louis Trichardt n'kutsetsereka mapiri a Soutpansberg, dziko limasintha. Kumatentha ngati ku Nsanje mwezi wa Okutobala, mvula ndi yochepa, ndipo tchire lake ndi la mitengo ya tsanya ndi malambe akuluakulu. Munthu angaganize kuti kunalibe kanthu azungu asanafike, koma si zoona. Chakumadzulo kwa tauniyi, pamene mtsinje wa Shashe umathira mu Limpopo, kuli phiri la Mapungubwe, kumene kunali ufumu wamphamvu cha m'ma 1220 mpaka 1300. Anthu ake ankagulitsa golide ndi minyanga ya njovu kwa amalonda a kunyanja yamchere, n'kumalandira mikanda yagalasi. Kachipembere kagolide kamene kanapezeka m'manda a paphiripo m'zaka za m'ma 1930 kamasungidwa ku University of Pretoria, ndipo mu 2003 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse.

Mkuwa nawo sanautulukire azungu. Anthu a fuko la Musina ankaukumba kalekale, kuusungunula m'ng'anjo zadothi n'kumasinthanitsa ndi mitundu yoyandikana nayo. Pamene msilikali wa ku Britain, John Pascoe Grenfell, anafika kuderali mu 1903, anachita kulondola maenje akale a anthu amenewa. Mu 1905 kampani ya Messina (Transvaal) Development inakhazikitsidwa, njanji inafika mu 1914, ndipo mlatho wa Beit Bridge, umene mumaimapo pamzere maola ambiri aja, unatsegulidwa mu 1929. Migodi inali ingapo mozungulira tauniyi, monga Harper, Campbell ndi Artonvilla.

Tsono agogo anu anafikako bwanji? Apa m'pamene pagona nkhani. Ku Nyasaland boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene ntchito zolipira bwino kunalibe, kunali thangata m'maesiteti a kummwera. Mnyamata wofuna msonkho, nsalu ya mkazi kapena njinga ankayang'ana kunja. Koma mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi ya golide kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa pamapu wa madigiri 22 kummwera kwa ikweta, kuphatikizapo a ku Nyasaland, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'makomboni ozizira a kuno. Chiletsochi chinayamba kufewa m'zaka za m'ma 1930. Nthawi yonseyo anthu akwathu sanasiye kubwera. Ankapita okha, zimene akuluakulu ankati kupita selufu: kuyenda pansi m'magulu kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kugwira maganyu m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero) kuti apeze kamba, kenako n'kupitirira kummwera. Ulendo unkatha miyezi. Akaoloka Limpopo, malo oyamba kumene munthu akanalembedwa ntchito anali Messina. Ena ankangofuna kupezerapo ndalama ya sitima yopita ku Joni, ena anakhazikika.

Ndimafuna muione njira imeneyi bwinobwino, chifukwa ife a masiku ano timadandaula ndi masiku awiri a m'basi. Munthu wanyamula kamphasa, kampoto ndi ufa pang'ono m'kathumba. Limpopo m'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, umayenda mapazi akupsa, madzi n'kuchita kufukula ndi manja. M'dzinja ndi mtsinje wolusa wokhala ndi ng'ona. Tsidya lino kunali anthu odikirira alendo otere, ena olemba ntchito mwachinyengo, makamaka chakum'mawa ku Pafuri, pamalo otchedwa Crooks' Corner pamene malire a maiko atatu amakumana. Munthu wotopa, wanjala, wopanda chiphaso, ankavomera chilichonse chimene wauzidwa.

Ndiye pali mafamu. Lamulo la malo la 1913 linasiya nthaka yambiri m'manja mwa azungu, eni dziko n'kukankhidwira kumalo ochepa. Poyamba kunali mafamu a ng'ombe, kenako ulimi wothirira unakula m'mbali mwa Limpopo, kumene alimi amapopa madzi obisala pansi pa mchenga wa mtsinjewo, ndiponso cha ku Tshipise m'chigwa cha Nzhelele. Thonje, tomato ndi malalanje za m'derali zinakula ndi manja a alendo. Malipiro a pafamu anali otsika kuposa a mumgodi, ndipo munthu wopanda mapepala analibe podandaulira. Kuganiza kwanga, matchona ambiri anasowera m'mafamu kuposa m'migodi. Mumgodi munthu ankakhala ndi nambala ndipo dzina lake linkalembedwa m'buku. Pafamu kapitawo akalephera kutchula dzina lako ankangokupatsa lina, ndipo ukamwalira ankakuika kuseri kwa munda.

Musafulumire kuwaweruza agogo anuwo. Alipo amene anapeza banja latsopano n'kuiwala kwawo, zimenezo n'zoona. Koma ambiri anagwidwa ndi manyazi. Munthu wachoka anthu akumuperekeza ndi chiyembekezo, zaka zisanu zatha, m'thumba mulibe kanthu, chifuwa chayamba chifukwa cha fumbi la pansi. Abwerere chimanjamanja? Amati ndipita chaka chamawa, chaka chamawacho n'kukhala zaka makumi atatu.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndingozidutsa mofulumira. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi, mpaka ntchitoyi inayambiranso pang'ono mu 1977 pansi pa Theba. M'zaka za m'ma 1980 dera la Messina linasanduka bwalo la nkhondo yolimbana ndi tsankho: m'malire munaikidwa waya wamagetsi, ndipo mabomba okwirira anapha anthu m'misewu ya m'mafamu mu 1985. Migodi ya mkuwa inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi yomweyo imene De Beers inatsegula mgodi wa dayamondi wa Venetia mu 1992, makilomita pafupifupi 80 kumadzulo. Chuma cha Zimbabwe chitagwa chaka cha 2000 chitadutsa, anthu a kumeneko ndi amene anadzaza m'mafamu, ndipo tauniyi inayamba kudalira malonda a pamalire amene mumawaona pawindo la basi.

Pa zofufuza, yambirani kumudzi, osati kuno. Funsani okalamba amene atsala akuuzeni dzina la agogo la kuubwana, dzina la ubatizo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yake, komanso amene anatsagana nawo paulendowo, chifukwa anthu sankayenda okha ndipo mwina mnzawo wina anabwerako. Ngati kalata ija ikadalipo, yang'anani chidindo cha positi ndi adiresi, zingakuuzeni ngati anali pamgodi kapena pafamu. Zolembedwa zakale za Wenela ndi Theba zimasungidwa ku laibulale ya University of Johannesburg, ndipo ndi bwino kukayesa, koma musaikepo mtima wonse, popeza munthu wopita selufu ku migodi ya mkuwa nthawi zambiri sapezeka m'mabuku a kampani yolembera migodi ya golide.

Kumene ndikuona kuti kungakuthandizeni kwambiri ndi ku Musina komweko. Tsikani basi, mugoneko masiku angapo. Ku lokeshoni ya Nancefield mudzapeza mabanja a Phiri, Banda ndi Mwale amene amalankhula Chivenda kapena Chisuthu, koma makolo awo anachokera kwathu. Pitani Lamulungu kumatchalitchi akale, mupemphe abusa alengeze dzina ndi mudzi wa agogo anu, mufunsenso ngati mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro alipo. Mukayendenso kumanda akale muli ndi munthu wa konko wodziwa mabanja. Mutenge chithunzi cha bambo anu kapena cha azibale awo, chifukwa ngati agogo anasiya ana kumeneko, nkhope ikhoza kuzindikirika ngakhale dzina linasintha.