Kamera sikuwa "kumadziko"

Mdzukulu wanga wa ku Makawa wanditumizira funso. Akuti mnyamata wina wojambula zithunzi akumunyengerera kuti akamujambule ali wosavala pamchenga ku Cape Maclear dzuwa likamalowa. Akuti ndi luso, si zolaula. Kuti amumalize mawu wamufunsa kuti, "Kodi agogo ako sankayenda mabere ali pamtunda?"

Ankayendadi choncho, mwanawe. Mayi anga ankasinja atangomanga nsalu m'chiuno, mphini zikuoneka, palibe ankacheuka. Bere linali la khanda. Kuphimba pachifuwa kunadza pambuyo pake. Mu 1973 boma la Kamuzu linaika lamulo loletsa akazi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Mu 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi pamsewu chifukwa cha thalauza lomwelo. Waona? Wina akuti vala, wina akuti vula, mwini thupi osafunsidwa.

Koma mnyamatayo wakuuza mbali imodzi yokha. Ife tikamasamba kudooko, mwamuna wodutsa ankaima patali n'kukuwa kuti "kumadziko!" Tikapanda kumuyankha sankasuntha. Woona thupi lathu tinkasankha tokha, ndipo zoonazo zinkathera pomwepo, madzi n'kupita nazo. Kamera sikuwa kumadziko. Chithunzi chikangolowa pa WhatsApp chimagona ku Monkey Bay, kukacha chili ku Johannesburg m'foni ya amalume ako. Lamulo la 2016 la za pa intaneti lilipo, limalanga ozunza anzawo pafoni, koma silingalowe m'thumba la munthu aliyense kukafufuta.

Luso sindikulikana ayi. Ndinafikako ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe ku Mua, ndinaona ziboliboli zosema bwino, matupi a anthu monga anawalengera Chauta, sindinatseke maso. Ku Florence, m'dziko la Italy, kuli chiboliboli cha Davide chimene mmisiri wosema miyala Michelangelo anamaliza mu 1504, mwamuna ali mbulanda, anthu amachita kulipira kuti achione. Koma mwala ulibe mfunda, ulibe apongozi, sudzapita kukafunsira ntchito. Iwe uli nazo zonsezo.

Chimene chandiwawa ndi mawu ako omaliza, oti unakondwa chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu wakuuza kuti ndiwe wokongola, pomwe anzako amakuseka kuda ndi kuwonda. Ha! Masiku athu namwali wodzaza thupi ndiye ankatamandidwa, lero mukusaka mafuta oyeretsa khungu ndi mapilitsi okulitsa mbina, mawa mudzasaka zina. Zoyeretsazo ndaona zitawotcha masaya a ana abwinobwino pamsika pa boma apa. Kuda kwakoko n'kwa agogo ako aamuna, ndipo ine ndinakana amuna awiri chifukwa cha iwo.

Tsono umufunse izi: ngati akufunadi kujambula thupi la munthu, bwanji sapita kwa asodzi a chilimira, amene amakoka ukonde ali chifuwa pamtunda mbandakucha uliwonse? Bwanji nkhalamba ngati ine, ya makwinya ochita kupindana, sanaipemphe? N'chifukwa chiyani luso lakelo limangogwera atsikana, ndiponso kopanda anthu?

Akakakamirabe, umuuze kuti mupita atatu ndi azakhali ako, kamera ugwire ndiwe, ayambe kuvula ndi iyeyo. Loweruka ubwere ndi usipa, udzandiuze chimene wayankha.