Galu angamuchotse mwana m'gulu la ma junkies?

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti kunja amagwiritsa ntchito ziweto powongola achinyamata opalamula, komanso ngati kumugulira galu mnyamata wanu, amene wayamba kuyenda ndi ma junkies (magulu a achinyamata ovutitsa anthu m'makomboni) ku Kanyama mu Lusaka, kungamubweze.

N'zoona ndithu, ndipo sizinayambe lero. Mu 1981 sisitere wina, Pauline Quinn, anayambitsa ntchito yoti akaidi achizimayi a m'boma la Washington ku America aziphunzitsa agalu othandiza anthu olumala. Mu 1993 Joan Dalton anayambitsa Project POOCH pandende ya anyamata ya MacLaren ku Oregon. Kumeneko mnyamata amapatsidwa galu wosowa mwini, n'kumamusambitsa, kumudyetsa, kumuphunzitsa kukhala pansi ndi kuyenda pachingwe, mpaka galuyo atapeza banja lomutenga. Ku Colorado akaidi anayamba kuzoloweretsa akavalo am'tchire mu 1986. Kavalo ukamukalipira amangothawa basi, ndiye munthu wozolowera kupeza zinthu ndi chibakera amaphunzira kuugwira mtima, afune asafune.

Koma musathamangire kumsika. Ntchito zimenezi zimasankha akaidi amene ayamba kale kusintha, ndipo wozunza nyama samuyandikitsa n'komwe. Mukamva kuti ambiri sabwereranso kundende, kumbukirani kuti anachita kusankhidwa. Komanso pamakhala munthu wamkulu woyang'anira, ndi nthawi yoikika yodyetsa ndi yosesa. Kwa ine mankhwala enieni ali pamenepo: chamoyo chodikira mwanayo m'mawa uliwonse, ndi wamkulu womufunsa ngati wagwira ntchito yake.

Galu kukomboni kuno ndimamukayikira. Mnyamata wotere akakhala ndi galu wolusa, anzake amamutama, mawa lake galuyo ndi wowopsezera anthu m'tinjira usiku. Muwonjezere katemera wa chiwewe ndi chakudya, ndalama zapita. Bola akalulu kapena nkhuku zingapo kuseri kwa nyumba. Khola amange yekha ndi amalume ake, madzi ndi gaga azithira yekha, ndipo akagulitsa ndalama ikhale yake, musamulande.

Choyamba muoneni mmene amachitira ndi nyama. Ngati amagenda amphaka kapena kumenya tiana ta agalu uku akuseka, musamupatse chiweto chilichonse, ameneyo afunika aphungu msanga. Ngatinso wayamba chamba kapena mankhwala ena, akalulu sangathane nazo. A Drug Enforcement Commission, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, ali ndi nthambi ya uphungu, mupite naye musanagule ndi waya womwe wa khola.