Fairfax House ya ku York ndi tanthauzo la Grade I

Bambo, mwafunsa ngati nyumba yakale yoikidwa pa Grade I ku England (gulu lapamwamba kwambiri pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo) imasanduka ya boma, komanso ngati lamulo limateteza kunja kwake kokha. Zonse ziwiri sizili choncho, ndipo Fairfax House, yomwe ili mumsewu wa Castlegate mumzinda wa York, ikutsimikizira zimenezi, pakuti amaisamala ndi a bungwe la York Civic Trust, osati boma.

Nyumbayi ndi ya njerwa zofiira, yomangidwa m'zaka za m'ma 1700, ndipo ukaiona kunja siodzionetsera. Ulemerero wake uli mkati, momwe katswiri wa zomangamanga John Carr adakonzera mwini wake wa nthawiyo, Viscount Fairfax, cha m'ma 1760: masitepe aakulu okhala ndi chogwirira chachitsulo chosulidwa mwaluso, zenera lalikulu lowunikira masitepewo, ndi siling'i ya pulasitala yozokotedwa maluwa ndi zithunzi. Chondikhudza mtima n'chakuti m'zaka za m'ma 1900 nyumbayi idakhala mbali ya malo oonetserako kanema ndi ovinirako, koma zokongoletsa zambiri zidapulumuka mpaka idakonzedwanso ndi kutsegulidwa kwa anthu mu 1984.

Mndandanda wa nyumba zotetezedwa umasungidwa ndi bungwe la boma la Historic England, ndipo za Grade I ndi pafupifupi 2.5 peresenti yokha. Mwini nyumba ya pa mndandandawu amakhalabe mwini wake, koma akafuna kusintha chilichonse chokhudza maonekedwe ake akale, kunja kapena mkati, ayenera kupeza chilolezo ku khonsolo, ndipo kuchita popanda chilolezocho ndi mlandu.