Kodi a Giant anathera kuti?

Funso: Akulu, ndapeza kaseti m'sutikesi ya malume kuno ku Bangula, chikuto chinafufuma ndi madzi osefukira aja koma ikuyimbabe bwinobwino, yalembedwa Giant, magitala ake eeh okoma zedi. Ndani amenewa?

Yankho: Achimwene, amenewo ndi a ku America, Dann Huff woyimba ndi kukhwatcha gitala, m'bale wake David pa ng'oma. Chimbale choyamba chinatuluka 1989, nyimbo imodzi inavuta ndithu pa wailesi mu 1990, chachiwiri chinabwera 1992 koma apo n'kuti achinyamata atathamangira grunge, mtundu wina wa nyimbo za rock womwe unatchuka ndi gulu la Nirvana, malonda osayenda, gulu n'kubalalika basi. Dann anakakhala pulojusa wa nyimbo ku Nashville, ku America komweko, ndiye ngati munamvapo kantire ya Keith Urban, dzanja lake munalimva kale.